Kutchipa Kwake Alipira Ndani?

Aliyense amene adayendapo m'chigwa cha Henga, kapena pamsewu wochoka pa boma la Rumphi kupita ku Bolero ndi ku Hewe, adakumanapo ndi mnyamata atamangirira batire ya galimoto pakaliyala wa njinga. Batireyo siyendetsanso galimoto ayi. Ndiyo imaliza wailesi, kuyatsa babu ndi kutchaja mafoni m'nyumba imene mawaya a ESCOM sadafikemo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi. Tsono batire ikafooka, aitengera kumsika kwa munthu amene ali ndi magetsi, ndipo nthawi zina tchaja yake imakhala yopanga yekha.

Luso lotere sitilinyoza konse. Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata adapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Koma pali funso limene chikumbumtima chathu sichingalizembe: kodi nkoyenera kupulumutsa ndalama zathu poika moyo wa wina pachiswe, iye osadziwa?

Tiyeni tiyambe taona mmene ngoziyo imabwerera. Magetsi a m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavolti 230, pamene batire ya galimoto ndi ya mavolti 12. Tchaja yabwino ili ndi thiransifoma, imene imatsitsa mphamvuyo ndi kulekanitsa batire ndi magetsi a pakhoma. Tchaja yotchipitsitsa ilibe chimenechi. Munthu amangolumikiza babu ndi kachipangizo kotchedwa diode. Batire imadzaza ndithu, koma zopanira zake zikhoza kukhala ndi mphamvu yonse ya pakhoma, ndipo mwana wopanda nsapato akazigwira ataponda ponyowa, mtima wake ukhoza kuima.

Ngozi yachiwiri njobisika koposa. M'kati mwa batire muli mtovu ndi asidi wosakaniza ndi madzi. Tchaja yosadziwa kuleka ikapitiriza batire itadzaza, madziwo amasanduka mpweya wa hydrogen ndi oxygen. Hydrogen alibe mtundu, alibenso fungo, ndipo akangokwana magawo 4 pa 100 a mpweya wa m'chipinda, kamoto ka ndudu, ka koloboyi kapena ka waya wothetheka nkokwanira kumuyatsa. Batire imaphulika, asidi nkuthovokera m'maso. Makolo adanena kuti tsoka silinunkha. Pano mawuwo akwanira ndendende.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Munthu akasankha yekha kuwoloka South Rukuru atadzaza, tinganene kuti waputa dala. Koma phindu la tchaja yotchipa limapita kwa mwini wake, pamene ngozi yake imagwera ena: mwana wokwawa pansi, mayi wosesa m'chipindamo, mnyamata wotumidwa kukatenga batire. Anthu amenewa sadafunsidwe, ndipo sadavomere. Chimene tikuchitcha kutchipa ndi ngongole imene tailembera pa dzina la wina. Chilungamo sichilola kuti wodya akhale wina, wolipira wina.

Ena adzati: "Nanga wosauka atani, poti tchaja ya m'sitolo njodula?" Funsoli nloona, ndipo sitiyenera kuliyankha mwachipongwe. Umphawi umachepetsa zimene munthu angasankhe, ndiponso wosadziwa ngozi sitingamuweruze ngati woidziwa. Komatu tsiku limene tadziwa, udindo wayamba. Mmisiri amene akudziwa kuti tchaja yake ilibe thiransifoma, naigulitsa osanena kanthu, wanama ndi kukhala chete kwakeko. Nafenso ogula, tikamangofunsa mtengo osafunsa mmene chinthucho adachipangira, tili ndi gawo lathu. Safunsa adadya phula.

Zambiri zoteteza moyo sizilira ndalama. Batire itchajidwe pamalo popita mphepo, osati m'chipinda chogona, kutali ndi moto ndi ana. Tilumikize zopanira tisanayatse magetsi, ndipo tizimitse tisanazichotse. Batire ikatentha kapena kuwira kwambiri, tileke pomwepo. Asidi akagwera m'maso, titsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka tithamangire kuchipatala. Ndipo mabanja angapo akhoza kusonkherana, monga timachitira pa maliro ndi pa ukwati, nkugula tchaja imodzi yokhala ndi thiransifoma ndi fyuzi. Ngati timatha kusonkha za bokosi, tilepherenji kusonkha zoti bokosilo lisafunike?

Tsono, abale athu, madzulo ano tisanayatse wailesi, tiyeni tikaone pamene batire yathu imatchajidwa, ndipo tiyang'ane amene amasewera pafupi napo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.