Kodi Tsabola Wakale Sawawa?

Makolo anasiya miyambi iwiri yooneka ngati yotsutsana. Wina umati tsabola wakale sawawa, pomwe unzake umati galu wamkota sakandira pachabe. Woyambawo ukuchenjeza kuti mphamvu za munthu zimatha ndi zaka, wachiwiriwo ukukumbutsa kuti wokhalitsa pa ntchito amadziwa zimene wachinyamata sanazione. Miyambi iwiriyi imakumana maso ndi maso pamene timu ya mpira ikulingalira zolemba ntchito wosewera amene wayamba kukalamba.

Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi wamiyendo. Mpirawo ndi wooneka ngati dzira, amauponya ndi manja, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Pakati pawo pali wotchedwa wide receiver, amene ntchito yake ndi kuthamangira kutsogolo, kuzemba omutchinga ndi kuwakha mpira woponyedwa kuchokera kutali. Ntchito imeneyi imalira liwiro, koma liwiro ndilo limayamba kumuthawa munthu akamakula. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 1994 bungwe la NFL linaika malire a ndalama zimene timu imodzi ingalipire osewera ake onse, ndipo mndandanda wa timu umakhala ndi mayina 53 okha. Motero malo ndi ndalama zopatsidwa kwa wamkulu zimakhala zitalandidwa kwa wina.

Nkhani ya Jerry Rice ikuthandiza kuunika funsoli. Rice anabadwa mu 1962, ndipo anasewerera timu ya San Francisco 49ers kuyambira mu 1985 kufikira mu 2000, napambana nayo chikho cha Super Bowl katatu. Mu 1997 anavulala bondo kwambiri. Mu 2001 timuyo inamumasula, popeza malipiro ake anali okwera ndiponso mnyamata wina, Terrell Owens, anali atakhwima kale pa ntchito yomweyo. Timu ya Raiders, imene pa nthawiyo inali ku Oakland, mzinda woyandikana ndi San Francisco, inamutenga ali ndi zaka 38.

Otsutsa kulemba wosewera wotere ali ndi mfundo zomveka. Iwo amati malipiro ndi a ntchito imene munthu adzagwire, pakuti ya dzulo analandira kale mphotho yake. Amatinso mnyamata wokhala pa benchi chifukwa cha dzina la wamkulu akulakwiridwa, poti zaka zake zamphamvu n'zowerengeka ndipo sizidzabwerera. Chachikulu koposa, masewerawa ndi ogundana mwamphamvu. Timu yolowetsa m'bwalo munthu wotha mphamvu pongofuna kuti dzina lake ligulitse matikiti ikumugwiritsa ntchito ngati chikwangwani, ndipo thupi lopwetekalo adzalisenza yekha ku ukalamba.

Komabe zimene zinachitika ku Oakland zinaonetsa kuti kuwerenga zaka kokha kumanamiza. Mu 2001 Rice anawakha mpira ka 83 napita nawo mayadi 1,139. Mu 2002, chaka chimene anakwanitsa zaka 40, anawakha ka 92 napita mayadi 1,211. Raiders inafika mu Super Bowl mu Januwale 2003, ngakhale inagonja 48 kwa 21 pamaso pa Tampa Bay Buccaneers. Liwiro la unyamata linali litachepa, koma iye ankadziwa pokhotera, ankawerenga mapazi a womutchinga, ndipo ankasamala thupi lake ndi masewera olimbitsa thupi amene anzake ankachita nawo mantha. Achinyamata omuyang'ana tsiku ndi tsiku ankaphunzira zimene mphunzitsi sangazilembe pa bolodi. Kukana munthu wotere chifukwa cha chaka chake chobadwa kukanakhala tsankho.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Mu 2004 Raiders inamutumiza ku Seattle Seahawks, ndipo mu 2005 analowa timu ya Denver Broncos. Pokonzekera masewera a chakacho zinaoneka kuti anyamata angapo amuposa, ndipo iye anasankha kupuma asanasewere masewera ndi amodzi omwe a ligi. Munthu mmodzi yemweyo anatsimikiza miyambi yonse iwiri, zaka zinayi zokha zitasiyanitsa.

Apa ndi pomwe pagona yankho. Timu iyenera kulemba wosewera wachikulire ngati yamuyesa ndi muyeso womwewo umene ikuyesera achinyamata, napezeka kuti akadali wokhoza. Iyeneranso kumuuza zoona za malo amene adzakhale, ndi kupangana naye za nthawi yochepa, kuti aliyense akhale womasuka mphamvu zikatha. Kumulemba chifukwa cha chisoni ndi kumunyoza mobisa, ndipo kumabera mnyamata woyenera malowo. Naye wamkuluyo ali ndi udindo wodziyesa moona mtima, monga anachitira Rice ku Denver, osadikira kuti oonerera amuuze ndi mluzu.

Nanga ngongole ya zaka zakale ilipidwe bwanji? Ilipo ndithu, koma ndalama yake ndi ulemu. Mu 2006 a 49ers anamulemba Rice kwa tsiku limodzi kuti apume ali wa timu yawo, ndipo mu 2010 anaika padera nambala yake, 80, kuti wosewera wina asadzaivalenso. Potero anathokoza zakale popanda kulanda malo a munthu m'bwalo.

Funso lomweli limapezeka kusukulu, kuchipatala ndi kumunda, kulikonse kumene wamkulu ndi wamng'ono akufuna ntchito imodzi. Wolemba ntchito wanzeru sataya tsabola chifukwa chakuti wakhalitsa m'nkhokwe, ndiponso samuthira mu ndiwo chifukwa chakuti kale ankawawa. Amayamba wamulawa.