Kodi Kubwerera Panjira ndi Mantha?

Ambiri a ife timayesa kuti ndege yaing'ono ikagwa tsiku la nkhungu, ndiye kuti injini idazima. Koma akatswiri ofufuza ngozi, akatola zidutswa ndi kuziyesa, kawirikawiri amapeza kuti injini inali yamoyo kufikira pogunda pansi. Chimene chidalephera ndi munthu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kulowa m'nyuzi ya Eklezia.

Woyendetsa ndege potsika m'mitambo saona bwalo, saona phiri. Amatsata singano za zipangizo zimene zimamva wailesi ya pabwalo kapena GPS. Thupi lake lomwe limamunamiza, pakuti timadzi ta m'kati mwa khutu, timene timatiuza kuti taima bwino, timasokonezeka, ndipo iye amamva ngati ali mowongoka pamene ndege yapendekeka. M'chaka cha 1954, pa yunivesite ya Illinois ku America, adayesa oyendetsa 20 osaphunzira kuuluka ndi zipangizo zokha. Onse ndege idawapulumuka, ndipo powerengera onse pamodzi adapirira masekondi 178 okha.

Tsono kwa amene adaphunzira kuli lamulo. Njira iliyonse yotsikira pabwalo ili ndi malire olembedwa, amene pa mabwalo okhala ndi zipangizo za ILS kawirikawiri ndi mapazi 200 kuchokera pansi. Akafika pamenepo osaona bwalo kapena nyali zake, ayenera kukweranso nthawi yomweyo. Mlanduwo adaugamula kale mtima uli m'malo, kuti pa nthawi ya phuma pasakhale kukambirana. Koma chinyengo chimadza ndi mawu ofatsa: tsikako pang'ono, mwina uona. Ena amagunda mtengo motero. Ena maso amathera kunja pofunafuna nyali, naiwala singano ya liwiro. Pa 25 Okutobala 2002 ndege ya King Air yonyamula phungu Paul Wellstone idagwa potsikira ku Eveleth, m'chigawo cha Minnesota, mitambo ili pafupi ndi nthaka. Ofufuza adapeza kuti oyendetsa adalola liwiro kuchepa kufikira mapiko adaleka kunyamula. Onse 8 adafa. Anali kupita ku maliro.

Mawu amenewo atibweza kwathu kuno, pakuti ndege imene idagwa m'nyengo yoipa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, ndi kupha wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anzake 8, inalinso pa ulendo wa ku maliro. Sitiweruza akufa, tiwapempherere. Tingoona kuti munthu sakonda kuika moyo pachiswe chifukwa cha choipa. Chimene chimamukoka ndi chabwino: maliro amene sadikira, wodwala woyenera kufika kuchipatala, lonjezo limene adapanga. Zonsezi n'zoona ndi zolemera, komabe palibe chimodzi mwa izo chimene chimakweza mtambo kapena kusuntha phiri.

Wina adzati: nanga chikhulupiriro? Kodi Mulungu sasunga anthu ake? Amasunga ndithu. Koma kumbukirani, inu aphunzitsi a katekisimu, kuti pa mutu 4 wa Mateyo Woyera Satana adaika Ambuye Yezu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu nawauza kuti adzigwetse, pakuti angelo adzawalandira, ndipo Ambuye adakana. Kudalira Mulungu ndi kuchita zonse zimene nzeru yotipatsa Iye yatiuza, kenaka kusiya zotsalazo m'manja mwake. Kutsika pansi pa malire ndi pemphero pakamwa ndi kumuyesa.

Mlandu suli wa woyendetsa yekha. Bwana wokhala pambuyo amene ayang'ana wotchi nausa moyo ali kukankha ndegeyo pansi, ngakhale sanagwire kanthu. Wantchito amachita manyazi kuuza wamkulu kuti tabwerera, ndipo akulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ifenso timachita zomwezo kwa dalaivala wa minibasi pamene mtsinje wadzaza pa mlatho, tikamunena kuti ngwamantha.

Woyendetsa amene akweranso amataya mafuta, nakatera kutali ndi kumene anthu adafuna, kapena kubwerera kumene adanyamuka. Maliro amaikidwa iwo kulibe. Potuluka m'ndege okwerawo amang'ung'udza, ndipo palibe womuthokoza, pakuti phiri limene adalilambalala linali m'nkhungu, ndipo palibe adaliona.