Mubwerenso Mwezi Wamawa

Kodi munthu amene sangathe kukupatsa chimene wadzera amakhalabe ndi ngongole yanji kwa iwe? Funsoli silichokera m'kalasi ya filosofi ayi. Limafunsidwa chamumtima tsiku lililonse pa mabenchi a zipatala zathu, ndi amayi amene akufuna mwana koma mwanayo sakubwera. Ine ndine mmodzi wa iwo. Ndili ndi zaka 28, chino ndi chaka chachinayi ndili pabanja, ndimakhala ku Domasi kuno, ndipo kabuku kanga ka kuchipatala ndi kachiwiri. Koyamba kanatha masamba.

Yankho langa ndineneretu: ngongoleyo ndi choonadi. Ena mwakwinya kale nkhope, mukuti munthu wosweka mtima amafunika chilimbikitso, osati kumuthira tsabola pabala. Tiyeni tiyende limodzi kaye.

Mu 2023 bungwe la WHO linatulutsa lipoti loti pa akuluakulu 6 alionse padziko lapansi, mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo kusiyana kwa mayiko olemera ndi osauka n'kochepa. Achipatala amayamba kulitcha vuto banja likatha miyezi 12 likukhalira malo amodzi popanda njira yolerera, pathupi osaoneka. Mukawerengetsa, ndiye kuti mu minibasi yodzaza yochoka ku Liwonde kupita ku Zomba, ija imaima pa Domasi ndi pa Songani, timakhalamo awiri kapena atatu. Timangokhala chete basi.

Dziko lathu linaphunzira bwino kulankhula za kulera, ndipo m'pomveka. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 pa avereji. Pofika 2015–16 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 4.4. Zikwangwani, nyimbo za kusikelo, mapulogalamu a pa wailesi, zonse zimalankhula ndi mayi amene akufuna kupumula. Ife ofuna kungoyamba kumene tilibe chitseko cholembedwa za ife. Timakhala pa benchi imodzi ndi apakati, wina n'kukufunsa mwansangala, "Inu ndi miyezi ingati?"

Zipatala zimene ndayendamo sindizitchula, ndipo si chimodzi: zaboma, zamishoni, zolipira, m'maboma angapo. Chimene chingakudabwitseni n'choti palibe amene anandilalatirapo. Onse anali aulemu. Mawu ake anali omwewomwewo: "Musadandaule mayi, mukadali mwana inu. Kamweni awa, mubwerenso mwezi wamawa." Ndinkatuluka mtima uli m'malo, mwezi n'kutha, kusamba n'kubwera, n'kubwereranso. Pafupifupi zaka ziwiri zinatha choncho. Palibe amene anandifotokozera kuti mapiritsiwo amagwira bwanji ntchito, ndipo palibe amene anati, "Bwerani ndi abambo."

Mapiritsiwo dzina lake ndi clomiphene. Amamwedwa masiku 5 kumayambiriro kwa mwezi wa mayi, ndipo ntchito yake n'kukankha thupi kuti likhwimitse dzira n'kulitulutsa. Ndi mankhwala abwino kwa mayi amene vuto lake ndi limeneli. Koma kuti pathupi paime pamafunika zinthu zingapo nthawi imodzi: dzira, machubu otseguka oti dziralo likumane ndi mbewu ya bambo, mbewu yokwanira komanso yamphamvu, ndi chiberekero choti mwana akhazikikemo. Ngati machubu anatsekeka, kaya ndi chinzonono chimene sichinachizidwe bwino, kaya ndi matenda olowa munthu akapita padera kapena akangochira, mapiritsi aja ali ngati kuthirira munda umene sunadzalidwe. Kwathu kuno palinso likodzo. Ambiri tinakulira m'madzi a mtsinje wa Domasi ndi m'minda ya mpunga ya chigwa cha Chilwa, ndipo timadziwa likodzo ngati matenda a ana okodza magazi. Ochepa anauzidwapo kuti mazira a tizilombo take amatha kukakhala pa khomo la chiberekero ndi m'machubu, ngakhalenso m'ziwalo za abambo. Onjezani apa kuti pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, mbali ya mwamuna imakhudzidwa, komanso kuti madokotala ambiri salimbikitsa kumwa clomiphene kupitirira miyezi 6 popanda kuunikanso. Mukatero muona kuti "mubwerenso mwezi wamawa" anali mawu okoma opanda kanthu m'kati.

Tsopano ndiwaikire kumbuyo anthu amenewa, chifukwa mlandu suweruzidwa ndi mbali imodzi. Dokotala amene ali ndi anthu ambirimbiri panja, wina akutaya magazi, wina mwana wake akukomoka ndi malungo, akandiyang'ana ine amaona munthu wathanzi amene wabwera woyenda yekha. Kusabereka sikupha lero. Chachiwiri, chikhalidwe chathu sichikonda kuponya nkhani yowawa ngati mwala. Ngakhale uthenga wa maliro timayamba ndi "kwadwalika", kuti munthu afike kaye. Chachitatu, ndipo ichi n'cholemera, iye amadziwa kuti liwu limodzi lochokera pakamwa pake likhoza kuthetsa banja pofika madzulo. Akamati "zitheka", mwina akuganiza kuti akutchinjiriza ukwati wanga.

Zifukwa zonsezi ndimazimva. Koma "kwadwalika" amakhala mawu a panjira. Ukafika kumudzi umauzidwa zenizeni. Chiyembekezo chimene ine ndinkapatsidwa chinalibe pofikira. Ndipo chinali ndi mtengo umene wochipereka sankaulipira. Ndalama za thiransipoti ndi za mankhwala ndi nkhani yaing'ono. Nkhani yaikulu ndi nthawi. Mphamvu ya mayi yobereka imatsika ndi zaka, ndipo imatsika mofulumira akapitirira zaka 35. N'chifukwa chake wa msinkhu umenewo amalangizidwa kupita kukaunikidwa pakangotha miyezi 6, osadikira chaka. Ine zaka ziwiri zija ndinazitaya ndili ndi zaka za m'ma 20. Mayi amene anakhala nane pa benchi tsiku lina anali ndi zaka 37, ndipo nayenso ankauzidwa kuti adekhe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma nkhono imakhalapo pamene ukudikirapo. Kumuuza munthu kuti adekhe iwe usanayang'ane ngati m'chigobamo muli kanthu, kumeneko n'kumubera zaka zake.

Komanso achipatala akasiya mpata, ena amaudzaza. Asing'anga amafotokoza. Aneneri a m'misonkhano ya usiku amafotokoza, mpaka kutchula azakhali ako kuti ndiwo anamanga. Ogulitsa zitsamba pa Facebook ndi pa WhatsApp amayankha uthenga wako pakati pa usiku, amakutchula dzina, amakufunsa kuti wadzuka bwanji. Ambiri a iwo amanama, koma amakupatsa nthawi ndi chifukwa, zinthu ziwiri zimene munthu wovutika amazimvera ludzu. Tikamaseka amayi ophunzira amene amapita kumeneko, tizidzifunsanso kuti kumalo koyenera anauzidwako chiyani.

Funso lovuta kwambiri ndi ili: choonadicho ndi cha yani? Tiyerekeze kuti bambo wavomera kuyezetsa umuna, ndipo zotsatira zasonyeza kuti mulibe mbewu. Lamulo la chinsinsi cha wodwala likuti zotsatirazo ndi zake. Akapempha kuti, "Adokotala, akazi anga asamve," dokotala amamangika manja. Koma panja pali mayi amene apongozi ake akumutcha chumba, amene alamu ake ayamba kale kunong'oneza mchimwene wawo kuti akayesere kwina, amene akumwa mankhwala a matenda amene alibe. Kusunga chinsinsi cha mmodzi kukupachika mnzake. Ndipo tisamuweruze msanga bamboyo. Kuno kwa ife a chikamwini, mwamuna wopezeka kuti ndi gojo amadziwa kuti akhoza kulongedzeredwa katundu. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Makolo anali ndi njira yawo, ya fisi wolowa usiku mwachinsinsi, imene inkasunga dzina la mwamuna pogwiritsa ntchito thupi la mkazi. Nthawi ya Edzi inationetsa mtengo wa njira imeneyo.

Koma Edzi yomweyo inatiphunzitsa chinthu china chimene chingatimasule pano. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo m'zaka zotsatira dziko lino linaphunzitsa alangizi ambirimbiri luso louza munthu nkhani yoopsa: chipinda chotseka, uphungu magazi asanatengedwe, uphungu zotsatira zikatuluka, ndi kuyezetsa limodzi ngati banja, pamene awiriwo amagwirizana pachiyambi pomwe kuti amvera limodzi. Luso limeneli lilipo kale mpaka pa zipatala zazing'ono za kumudzi. Sitikufunika makina ochokera kunja kuti tilibweretse ku nkhani ya kusabereka.

Ndikunena izi chifukwa ndinazionapo zikuchitika. Dokotala wina wachizimayi, nditamufotokozera, anatseka kabuku kanga n'kunena kuti, "Mayi, lero sindikupatsani mankhwala. Nkhaniyi ndi ya anthu awiri, mubwere ndi bambo." Titapita, anayamba ndi funso kwa amuna anga: "Bambo, tisanayeze chilichonse, tigwirizane. Zotsatira zikabwera, za inu ndi za mayiwa, ndikuuzeni muli limodzi kapena aliyense payekha?" Tinayang'anana, n'kuvomera kuti limodzi. Mfundo ija ya chinsinsi inamasuka pomwepo, isanamangike n'komwe. Kenako anatenga pepala n'kujambula chiberekero ndi machubu. Anafotokoza kuti umuna umayezedwa bambo atakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana, ndipo zotsatira zikaipa amabwerezanso, chifukwa mbewu imatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ipangike ndipo ngakhale kutentha thupi kwa malungo kukhoza kuisokoneza kwa kanthawi. Anandiuza za HSG, ekisirei imene amathira mankhwala amadzi m'chiberekero kuti aone ngati akudutsa m'machubu, kuti imachitika kusamba kukangotha, ndipo sanabise kuti imapweteka ngati cham'mimba cha msambo. Anatifunsanso ngati kunyumba kuli wina amene amawerenga kabuku kanga, asanalembemo kalikonse. Zonsezi sizinapitirire mphindi 20.

Vuto linapezeka mwa yani, sindikuuzani. Imeneyo ndi ya m'nyumba mwathu. Chimene ndinganene n'choti zimene tinamva sizinali zokoma, mwana sanabwerebe mpaka lero, koma tsiku limenelo ndinagona tulo. Amene mumawerenga Baibulo mukukumbuka Hana ku Silo. Wansembe Eli ataona milomo yake ikugwedera anaganiza kuti waledzera. Hana atadzifotokoza, Eli n'kumumvetsera, nkhaniyo imasonyeza kuti mayiyo anapita kukadya ndipo nkhope yake inasintha, pathupi pasanabwere. Kumvedwa kunayamba kumuchiritsa chisanafike chimene ankapempha.

Dokotala uja anatiuzanso za IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu mu labu kenako n'kukaika m'chiberekero. Mwana woyamba wobadwa mwa njirayi, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham, ku England, kudzera mu ntchito ya Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Ku South Africa woyamba anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Mabanja opata a kuno akhala akukwera ndege kupita ku South Africa kapena ku India kukayesa. Mnzanga wina anati kuuza anthu olandira malipiro ngati athu za IVF ndi nkhanza, kuli ngati kuonetsa wanjala nsima ya eni. Ine ndikuona mosiyana. Anatiuza kuti ndi yokwera mtengo kwambiri, ndiponso kuti ngakhale kwa mayi wachitsikana, ulendo umodzi umalephera kawirikawiri kuposa mmene umathekera. Kenako anatisiyira ife kuti tisankhe: kusunga ndalama, kudikira, kulera mwana wa m'bale, kapena kuphunzira kukhala awiriwiri. Wobisa njira chifukwa waona nsapato zako wakusankhira moyo popanda kukufunsa.

Choncho chifundo ndi choonadi sindiziona ngati adani. Chifundo chimasankha malo, nthawi, chilankhulo ndi mawu. Chimatseka chitseko, chimalankhula Chichewa kapena Chiyao m'malo molemba zidule za Chingerezi m'kabuku. Koma sichiloledwa kusintha nkhaniyo. Wakutsina khutu ndi mnansi, bola atsine ali pambali pako, osati pagulu.

Ena mwa inu mukuphunzira unamwino ku St Luke's ku Malosa, ena ku Malawi College of Health Sciences ku Zomba, ena udokotala ku KUHeS. Mudzakumana nafe, ndipo nthawi zambiri simudzakhala ndi mwana woti mutipatse. Mudzatipatse dzina la vutolo ngati mukulidziwa, ndipo ngati simukulidziwa mudzanene choncho n'kutilozera kumene angaliunike. Ndipo iwe mnzanga amene ukuwerenga izi pafoni usiku, nyali itazimitsidwa kuti wina asaone, ulendo wotsatira ukafunse mafunso anayi: Mukuganiza kuti vuto n'chiyani, ndipo mwadziwa bwanji? Mankhwala awa akuchiza chiyani? Ndimwa mpaka liti tisanasinthe njira? Nanga amuna anga ayezedwa liti? Uwalembe kuchikuto kwa kabuku kako, chifukwa m'chipinda muja mutu umaima.