Mswachi wa magetsi sungalowe m'malo mwa dzanja la kholo

Ana anga a muno mu Chimwemwe, inu amene mwayamba kulera, ndamva kuti ambiri mwa inu mwakopeka ndi kamswachi ka magetsi kamene kakutsatsidwa pa Facebook ndi pa TikTok. Ndi kopindika ngati chilembo cha U. Mwana amangokaluma, inu n'kudina batani, iko n'kumanjenjemera m'kamwa, ndipo otsatsawo amati pakatha masekondi owerengeka mano onse amakhala atayera popanda wina kugwirapo. Chimene chakukopani ndikuchimvetsa. Bambo wachokera ku shifiti ya ku mgodi, mayi watandala tsiku lonse pa msika wa Chisokone, ndiye usiku mulimbanenso ndi mwana amene wafumbata pakamwa akulira. Aliyense angafune chomupeputsa. Koma musanatulutse makwacha anu, tamverani mbiri ya kachipangizoka.

Mu 2017 kampani ya Amabrush ya ku Vienna, m'dziko la Austria, inalonjeza mswachi wotere wotsuka mano onse m'masekondi 10. Anthu a m'mayiko ambiri analipiriratu mamiliyoni a mayuro kudzera pa Kickstarter katunduyo asanapangidwe n'komwe. Atayamba kulandira, madandaulo anachuluka akuti mano sakuyera, ndipo mu 2019 kampaniyo inagwa. Mu 2020 madokotala a mano a ku yunivesite ya Florence ku Italy anayesa mswachi wa mtundu womwewu pouyerekeza ndi mswachi wamba, mswachi wa magetsi wogwira ndi dzanja, komanso kusatsuka n'komwe. Anapeza kuti litsiro limene mswachi wopindikawo unachotsa silinasiyane kwenikweni ndi la munthu amene sanatsuke.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chimene chimaboola mano ndi litsiro lomata limene limakanirira pamene dzino lakumana ndi nkhama, m'mipata ya mano, ndi m'timaenje ta mano am'mbuyo. M'litsiromo mumakhala tizilombo timene timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amadya dzino. Litsiro lotere limachoka likapalidwa, dzino ndi dzino. Tinsonga ta labala wofewa timene tili pa timiswachi tambiri totereti timangosisita pamwamba. Komanso pakamwa pa ana sipafanana. Mwana wa zaka 6 kapena 7 ali ndi magwelu, dzino lina likugwedera, lina langotulukira nsonga. Chinthu choumbidwa pa muyeso umodzi ku fakitale chingafike bwanji ponseponse? Ilipo miswachi ina yatsopano yotere yokhala ndi ubweya wa nayiloni imene imachitako bwino, komabe imafuna kuti ikwane bwino m'kamwa mwa mwanayo ndiponso kuti wamkulu ayang'anire. Ngati muli nazo ndalama ndipo mwafunitsitsa wa magetsi, gulani uja wa kamutu kakang'ono kozungulira, wogwira ndi dzanja, umenewo umatsukadi. Mukumbukirenso chaka cha 2024, pamene madzi anaphwa ku Kariba ndipo magetsi ankathima pafupifupi tsiku lathunthu. Chinthu chodalira kutchaja chimagona pa shelefu masiku otero, pamene mwana akudyabe maswiti.

Makolo athu ankatafuna kamtengo mpaka katafewa kunsonga n'kumatsukira mano, ndipo ambiri anakalamba mano ali mbee. Kamtengoko kankathandiza chifukwa dzanja linkakafikitsa pa dzino lililonse, ndiponso shuga anali wosowa. Ana anu akukula m'dziko lina. Kantemba ali pakhomo penipeni, maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera akuzipeza m'mawa, masana ndi madzulo. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti ana oposa 500 miliyoni padziko lonse ali ndi mano oyamba obooka. Chimene chimawononga kwambiri ndi kudya shuga pafupipafupi, chifukwa m'kamwa simupeza mpata woti malovu akonze dzino. Botolo la tiyi wa shuga kapena la juwisi lisamagone m'kamwa mwa khanda usiku.

M'mera mpoyamba. Dzino loyamba likangotuluka, nthawi zambiri mwana ali ndi miyezi 6, yambani kumutsuka ndi kamswachi kofewa ka ana. Pa chubu cha mankhwala otsukira mano muwerenge ngati palembedwa kuti fluoride, chifukwa ameneyo ndiye amalimbitsa dzino. Mwana wosakwana zaka 3 muzimupakira pang'ono chabe, kukula kwake ngati kambewu ka mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati nsawawa yaing'ono imodzi. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, ndipo ulendo wa usiku asanagone usamaphonyeke. Akamaliza alavule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Mwana aliyense akhale ndi mswachi wakewake, ndipo muziusintha pakatha miyezi itatu.

Ntchitoyi ndi yanu mpaka mwana atafika zaka 7 kapena 8, chifukwa timanja take tisanafike pamenepo sitingathe kufika m'makona. Khalani pansi, mumugoneke mutu pa miyendo panu, mukweze mlomo wake ndi chala kuti muone nkhama. Pamenepo mudzaona zimene makina sangakuuzeni: kadontho koyera ngati choko kapena kofiirira pa dzino, nkhama yotupa, magazi. Samalani kwambiri pa zaka 6. Nthawi imeneyo kumbuyo kwenikweni kumatuluka mano akuluakulu anayi popanda dzino lililonse kuguluka, ndiye makolo ambiri amayesa ndi mano aukhanda amene adzachoke. Amenewo ndi a moyo wonse, ndipo kawirikawiri ndiwo amayamba kubooka.

Mukaona kadontho kaja musadikire kuti mwana ayambe kulira usiku kapena tsaya litupe. Pitani naye ku kiliniki, ndipo akakutumizani ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Arthur Davison Children's Hospital ku Ndola, pitani dzinolo likadali lotheka kumata, lisanafike pozula.