Mbusa Wabwino Sathawa Nkhosa Zake

Pa 9 July 1944, pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndege yoponya mabomba ya B-24 ya asilikali a ku America inawomberedwa ku Ploesti m'dziko la Romania. Woyendetsa anali Donald Pucket wa ku Colorado, wa zaka 28. Mnzake mmodzi anafera pomwepo, ena anavulala koopsa. Ataona kuti ndegeyo ikugwa, Pucket analamula onse kuti adumphe ndi maparachuti. Atatu analephera chifukwa cha mantha ndi ululu. Ena anamuchonderera kuti adzipulumutse, koma iye anakana kuwasiya atatuwo. Anagwirabe chiwongolero mpaka ndegeyo inawomba phiri. Atamwalira, dziko lake linamulemekeza ndi Medal of Honor.

Mpingo sutamanda nkhondo, pakuti mabomba amasiya amasiye mbali zonse. Koma kukhulupirika kotereku kukukumbutsa Yohane mutu 10, pamene Ambuye Yesu akusiyanitsa mbusa weniweni ndi waganyu wothawa zinthu zikavuta.

Mu mphakati uliwonse muli wodwala, nkhalamba yosowa woicheza, kapena mnyamata wogonja ku mowa. Mkhristu wolandira Ukaristia lero akumbukire yemwe wamusiya yekha, ndipo akamuyendere sabata ino.