Msiyeni Ayende, Mapapo Akudikira Magazi

Inu mayi, inu bambo amene mwana wanu ali ndi chipsera cha opaleshoni ya mtima chotsika pakati pa chifuwa, tamverani. Madokotala anachita mbali yawo. Yatsala ndi yanu, ndipo si yomutsekera m'nyumba ayi.

Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima. Kale, amene ankada milomo, lilime ndi zikhadabo chifukwa magazi sankafika okwanira kumapapo, ambiri ankatsirizika akadali aang'ono. Helen Taussig, dokotala wa ana pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, anakana kungopinda manja. Makutu ake ankamva movutikira, choncho mitima ya tiana ankaimvera ndi nsonga za zala. Iyeyo ndiye analimbikitsa dokotala wa opaleshoni Alfred Blalock, amene pa 29 Novembala 1944 analumikiza mtsempha wopita kumkono ndi wa kumapapo. Kumbuyo kwa Blalock kunaima Vivien Thomas, munthu wakuda wopanda digiri ya udokotala, atakwera pa kampando, akumulangiza posoka. Anthu amenewa akanachita mantha, bwenzi mwana wanu kulibe.

Mu 1958 William Glenn anatenga magazi obwerera kuchokera kumutu ndi kumikono n'kuwalozetsa kumapapo mosadzera mumtima. Mu 1968, ku Bordeaux, Francis Fontan anachita opaleshoni yothandiza ana amene mtima wawo uli ndi chipinda chopopa chimodzi chokha m'malo mwa ziwiri. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Opaleshoniyi ikachitika, chipinda chimodzicho chimapopera thupi lonse, koma kumapapo kulibenso pampu. Magazi amangotsetsereka okha ngati madzi m'ngalande, ndipo kachopinga kakang'ono kamawachedwetsa.

Nanga amawakankha ndani? Mwanayo mwini! Akakoka mpweya, chifuwa chimafutukuka n'kuyamwa magazi kulowa m'mapapo. Akaponda pansi, minofu ya m'miyendo imafinya mitsempha n'kukweza magazi kupita kumtunda. Phazi lililonse limene akuponya popita kusukulu likugwira ntchito ya chipinda chimene anabadwa alibe. Ndiye tangoganizani mwana wongokhala pamkeka tsiku lonse, agogo akumukalipira akangoti adzuke: minofu ikufota, ndipo imene ikufotayo ndiyo pampu yake. Chikondi chotere chimandimvetsa chisoni, chifukwa chimachokera pansi pa mtima koma chimamulanda mphamvu. Madokotala a mtima masiku ano amalimbikitsa ana amenewa kuyenda, kupalasa njinga, kusambira. Funsani dokotala wake kuti malire ali pati, makamaka ngati akumwa warfarin, pakuti masewera ogundana ngoopsa kwa womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Akakuuzani malirewo, msiyeni afike pomwepo. Akachita wefuwefu apume, kenako anyamukenso.

Mantha anuwo muwaike pamalo oyenera. Kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi kumaphwetsa madzi m'thupi, ndipo magazi opanda pampu sachedwa kufooka. Musadikire kuti kuche; mpatseni zakumwa, thamangirani kuchipatala. Chibayo, utsi wa fodya ndi wa nkhuni m'khitchini yotseka ndi adani a mapapo amene moyo wake wonse watsamirapo.

Tsono iwe mnyamata, iwe mtsikana amene umabisa chipsera pansi pa malaya, tukula mutu! Shaun White anabadwa ndi vuto la mtima lotchedwa tetralogy of Fallot, anachitidwa maopaleshoni ali khanda, koma anapata mendulo zagolide pa Olimpiki mu 2006, 2010 ndi 2018. Mtima wake ndi wako mwina si zofanana, ndipo palibe akukuuza kuti upikisane naye. Ndikukuuza kuti usadziike wekha m'gulu la odikira imfa. Imwa mankhwala osadumphitsa. Tsiku la sikelo yako ya mtima likakwana pita ngakhale ukumva bwino, ndipo ngati unachitidwa opaleshoni ya Fontan uwakumbutse akuyezenso chiwindi, chifukwa magazi akamachedwa kulowa m'mapapo chimalemedwa mwakachetechete. Mawa m'mawa vala nsapato, uitane mnzako, muyende mpaka kumsika ndi kubwerera.