Kodi Wolowa M'malo Timuyese ndi Muyeso Wanji?

Abale, pali kanema wakale wa akazitape, dzina lake On Her Majesty's Secret Service, amene anatuluka m'chaka cha 1969. Timkumbuka lero chifukwa cha mlandu umene anthu anafulumira kuuweruza.

Kuyambira 1962 kufikira 1967, Sean Connery anasewera ngati kazitape James Bond m'makanema asanu, kotero kuti anthu anazolowera nkhope yake ndi liwu lake. Iye atasiya, m'malo mwake munalowa George Lazenby, mnyamata wa ku Australia wa zaka 29, amene anali asanasewerepo m'kanema wamkulu. Ambiri sanafunse ngati wagwira bwino ntchito. Anangoona kuti si Connery, namtaya.

Koma taonani chimene mnyamatayo anachita. Kazitape wa Connery anali munthu wosagwedezeka mtima. Wa Lazenby athawa adani ake m'mapiri a ku Switzerland, mantha ali poyera pankhope. Akonda mkazi mmodzi, Tracy, namkwatira. Pochoka ku ukwati, adani awombera mkaziyo m'galimoto, ndipo kanema atha mwamuna atafungatira mtembo, akulankhula motsitsa ngati kuti mkazi wake wangogona. Chisoni chotere chinali chachilendo m'makanema a Bond. Zitapita zaka, akatswiri opanga makanema monga Christopher Nolan ndi Steven Soderbergh anamtamanda kanemayu.

Sitinena kuti Lazenby analibe cholakwa. Luso lake linali losakhwima, ndipo anakana yekha kuseweranso kachiwiri, chimene anadzadandaula nacho pambuyo pake. Zimenezo nzake, azisenze. Koma kusakhala Connery silinali tchimo.

Tsono tidzifunse: chilungamo ndi kuyesa munthu ndi ntchito ya manja ake, kapena ndi chithunzi cha amene anapita? Kukumbuka wakale nkwabwino, pakuti ndiko kuthokoza. Kuipa kwake kuli pamene chikumbukirocho chisanduka ndodo yokwapulira watsopano. Mphunzitsi wolowa m'malo mwa wokondedwa, mfumu yongolongedwa kumene, mayi wopeza ana a mnzake, onsewa akumana ndi mlandu womwewo asanayambe nkomwe ntchito. Tikawakana, tiwalakwira, ndiponso tidzimana tokha mphatso imene wakale uja analibe.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyambe taona kumeta kwake tisanamtsekere pakhomo.